Kaliyala wa pamwamba pa galimoto: mluzu uja umachokera kuti?

Tinanyamuka ku Mangochi titangoswali Fajr, ulendo wa ku Blantyre ku nikah ya mphwanga. M'galimoto munali mayi a kunyumba, ana atatu ndi mayi anga ondibereka. Pamwamba tinamangapo zikwama, mikeka ndi thumba la mpunga, pa kaliyala watsopano amene wowotcherera zitsulo wina anandipangira sabata yomweyo. Popita zonse zinali bwino. Mavuto anayamba pobwerera, katundu titamusiya. Titangodutsa pa Liwonde kulunjika ku Ulongwe, galimoto itayamba kuthamanga, panamveka kulira ngati kwa njuchi zosamuka, kenaka mluzu wobaya m'makutu.

"Mwananga, taima kaye. Chikulira n'chiyani pamwambapa?" anatero mayi, tasbih ili kale m'manja.

Ndinaima n'kuyang'ana matayala ndi injini, koma sindinapeze kanthu. Tikayenda pang'onopang'ono, zii. Tikangofika liwiro la makilomita 80 pa ola, mluzu uja wayambanso. Mpaka kufika kunyumba palibe anamva zonena za mnzake.

Ife a kunyanja phokoso limeneli si lachilendo. Nyengo ya mwera, m'miyezi ya June ndi July, mawaya amagetsi amalira chimodzimodzi. Amene anapalasapo bwato akudziwa kuti kumbuyo kwa nkhafi madzi amazungulirazungulira. Mphepo nayo ikagunda chitsulo chobulungira imachita chomwecho: imasiya tiakamvuluvulu kumbuyo kwake, kena kochokera pamwamba, kena pansi, mosinthanasinthana, ndipo kusinthanako ndiye kulira kumene timamva. Katswiri wa sayansi Vincenc Strouhal anafufuza za kulira kwa mawaya m'chaka cha 1878, ndipo anapeza kuti mawu ake amadalira liwiro la mphepo ndi kunenepa kwa waya. Tikatsata masamu akewo, paipi ya mamilimita 25 pa liwiro la makilomita 80 pa ola imagwedeza mpweya pafupifupi ka 180 pa sekondi imodzi. Katundu akakhalapo amasokoneza mphepoyo, n'chifukwa chake ife popita sitinamve kanthu.

Mluzu wobaya uja gwero lake linali lina. Mmisiri wanga anasiya mapaipi osatseka kumapeto, choncho mphepo inkawaimba monga mwana amaimbira botolo la Fanta. Timabowo ta mabawuti tosagwiritsidwa ntchito timachitanso chomwecho, ngakhalenso kangalande kamene kamakhala pamwamba pa zitsulo zogula kusitolo ngati labala wake sanaikidwe.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo modabwitsa. Tengani chingwe cha nailoni chonenepa ngati pensulo, muchikulunge mozungulira chitsulo chakutsogolo kuchokera uku mpaka uko, kusiya mpata wa zala zitatu kapena zinayi pakati pa mizere, ndipo mumange zolimba kumapeto. Chingwecho chimasokoneza tiakamvuluvulu tija kuti tisachoke nthawi imodzi m'chitsulo chonse. Musaganize kuti ndi nzeru za m'mudzi chabe. Akatswiri a ku Britain anatulukira njira yomweyi m'chaka cha 1957 pofuna kuteteza machumuni ataliatali a m'mafakitale kuti asamagwedezeke ndi mphepo, ndipo mukayang'anitsitsa mlongoti wa wailesi pa galimoto zina mudzaona kawaya kozungulira pa chifukwa chomwechi. Mabowo atsekeni ndi labala kapena kamtengo kosema bwino. Phokoso likapitirira, sunthirani chitsulo chakutsogolo m'mbuyo pang'ono, kutali ndi galasi, poti mphepo yokwera pagalasi ndiyo yamphamvu. Zitsulo zogula zooneka ngati phiko la ndege zimalira pang'ono, koma pokhapokha mbali yonenepa italoza kutsogolo, yopyapyala kumbuyo. Ambiri amazitembenuza.

Pomanga kaliyala, yambani mwaona denga la galimoto yanu. Ma Hiace ndi ma Land Cruiser akale ali ndi ngalande za madzi a mvula m'mbali, ndipo miyendo ya kaliyala imagwira pamenepo. Galimoto zina zili ndi njanji ziwiri, zina zili ndi malo a mabawuti obisika pansi pa tizivundikiro, pomwe zina miyendo imaluma m'mphepete mwa chitseko. Kuboola denga kapena kuwotcherera pamenepo ine sindikulimbikitsa, chifukwa dzinja likafika madzi amalowa, dzimbiri n'kuyamba. Tsukani denga, ikani labala pansi pa miyendo, ndipo yezani ndi tepi kuti zitsulo zatulukira mofanana mbali zonse. Pakati pa chitsulo chakutsogolo ndi chakumbuyo pakhale masentimita 70 kapena kuposerapo. Mabawuti muwamange mosinthana, uku pang'ono uko pang'ono, osamaliza mbali imodzi kaye. Mukatha gwirani chitsulo n'kugwedeza ndi mphamvu: igwedezeke ndi galimoto yonse, osati kaliyala yekha. Mukayenda makilomita angapo imani mukhwimitsenso ndi sipanala.

Tsono nayi nkhani imene ambirife sitifuna kuimva. Denga la galimoto zing'onozing'ono zambiri limaloledwa kunyamula pakati pa makilogalamu 50 ndi 100, kuphatikizapo kulemera kwa kaliyala mwini wakeyo. Nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Thumba limodzi la mpunga wa ku Nkhotakota ndi makilogalamu 50. Mukaikapo awiri mwapyola kale kapena mwafika pamalire, musanawerenge zikwama. Katundu wolemera akakhala pamwamba, galimoto imapendekeka pokhota, ndipo amene anatsikapo mapiri a Chowe kuchokera ku Namwera akudziwa mmene makona ake alili. Mumsewu wa M5 mwera ukamawomba cham'mbali, katundu wamtali amasanduka thanga la bwato. Anthu amene mwawanyamulawo ndi amana m'manja mwanu, chimodzimodzi wanjinga amene ali m'mbuyo mwanu thumba likadzagwa. Mpunga ukhale pansi m'galimoto, pamwamba pakwere mikeka, matiresi ndi madengu. Malegeni okha asadaliridwe poti amatamuka ndipo dzuwa limawadya. Onjezani chingwe cholimba, ndipo lona asasiyidwe akukupiza. Onyamula madengu a usipa ndi utaka azitsuka denga akafika, madzi a nsomba asakhalitse pa penti ndi pa mabawuti.

Phokoso lija limadyanso petulo. Kafukufuku wa ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku America wa m'chaka cha 2016 anapeza kuti mu 2015 makaliyala a pamwamba anawonongetsa magaloni pafupifupi 100 miliyoni a mafuta m'dzikomo, ambiri mwa iwo akuyenda opanda katundu.

Wangayo ndinamukulunga chingwe Loweruka lotsatira, mapaipi n'kutseka ndi zidutswa za patapata wakale. Lachisanu titachoka ku Jumu'ah ndinawatenga mayi kupita nawo ku Monkey Bay kukaona achemwali awo. Anagona tulo tisanafike n'komwe pa Nkopola. Masiku ano kaliyalayo amakhala m'khonde, ndimamukweza pokhapokha pakakhala ulendo wa katundu.