Kodi msilikali wa perete ayenera ulemu wofanana ndi wa kunkhondo?

Munthu wochokera ku Mbulumbuzi m'boma la Chiradzulu akamalowa mumzinda wa Zomba amalandiridwa ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Lamulungu lachiwiri la November chaka chilichonse, asilikali amaguba pamenepo, lipenga limalira ndipo akuluakulu amayala nkhata za maluwa.

Ena amati ntchito yotereyi ndi yongokometsera mwambo, siyingafanane ndi ya msilikali amene wakumana ndi zipolopolo. Mfundoyi ili ndi pogwira. Mu November 2018, asilikali 6 a dziko lino adaphedwa kufupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo (DRC) ali pantchito yosungitsa mtendere. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala. Mu May 2019, bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe imaperekedwa kwa okhawo oonetsa kulimba mtima kwapadera. Perete, ngakhale ikongole bwanji, siyibweretsa mendulo yotere.

Komabe pali zinthu ziwiri zofunika kuziganizira. Choyamba, woguba pamwambo wotsegulira Nyumba ya Malamulo kapena pamaliro a boma ndi msilikali wa Malawi Defence Force (MDF) amene adalumbira ngati anzake onse. Sasankha yekha kogwira ntchito. Akalamulidwa kupita kunkhondo, amapita.

Chachiwiri, mwambo ndiwo umasunga maina a amene adafa. Chakumapeto kwa 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika osauka akufera nkhondo ya eni, n'kusiya akazi amasiye ndi ana opanda thandizo. Onyamula bokosi lokutidwa ndi mbendera amatsimikizira banja loferedwa kuti dziko laiona imfayo.

Choncho ntchito zonse ziwiri n'zoyenera ulemu, koma muyezo wake ndi wosiyana. Woguba amalemekezedwa chifukwa cha mwambo ndi kukhulupirika, pomwe wothira magazi amaposa pamenepo. Ndipo dandaulo la Chilembwe silitha ndi lipenga lokha ngati mkazi wamasiye wa msilikali akuvutika kupeza chipukuta misozi ndi fizi ya ana.