Mwalipira dipoziti ya galimoto yatsopano, koma kodi dila ali ndi malo ku fakitale?

Ku America, munthu akafuna galimoto yatsopano yoti ipangidwe momwe iye akufunira, kuyambira mtundu wa penti, injini mpaka mipando, sapita ku fakitale. Amapita kwa dila, kusankha zonse pa kompyuta, kusiya dipoziti, n'kubwerera kunyumba ndi pepala m'manja. Ena chithunzi cha pepalalo chimakhala chafika kale pa WhatsApp asanatuluke n'komwe pageti. Koma tamvani izi: pepala limenelo pa lokha silitanthauza kuti fakitale yavomera kupanga galimoto yanu.

Kwathu kuno ambiri tidazolowera kuitanitsa galimoto yoyendapo kale kuchokera ku Japan. Imeneyo imakhala ilipo, zithunzi zake mukuziona, nambala ya chasisi mwapatsidwa. Oda ya galimoto yatsopano ndi nkhani ina, chifukwa mukulipirira chinthu chomwe sichinapangidwe. Choncho kwa abale athu okhala ku America, ndi aliyense amene amatsatira nkhani za magalimoto, pali mawu amodzi ofunika kuwadziwa bwino: allocation.

Allocation ndi chiyani?

Malamulo a m'zigawo zambiri za dziko la America amafuna kuti makampani ngati Ford, General Motors ndi Toyota azigulitsa magalimoto atsopano kudzera kwa madila oima paokha. Ndiye kuti dila si wantchito wa kampani yopanga galimoto, ndi wabizinesi amene amapikula n'kugulitsa.

Fakitale ili ndi malire a magalimoto omwe ingapange pa sabata. Kampani imagawa chiwerengerocho kwa madila ake, ndipo gawo la dila aliyense ndi lomwe amati allocation. Kawirikawiri amayang'ana malonda a m'mbuyomu: amene amagulitsa ambiri komanso mwachangu, amapatsidwanso ambiri. Dila wamng'ono wa m'tauni ya kumudzi akhoza kupatsidwa ochepa kwambiri a mtundu womwe uli pa chikoka.

Vuto lagona apa. Palibe chimene chimaletsa dila kulandira maoda ochuluka kuposa gawo lake. Tiyerekeze kuti wapatsidwa malo asanu chaka chino, koma walandira madipoziti a anthu 30. Onsewo ali ndi risiti, onse akudikira foni, koma 25 mwa iwo ali pamzere womwe sukuyenda.

Zidaonekera poyera mu 2021

Kale anthu ambiri ku America ankangogula galimoto yomwe aipeza pabwalo la dila. Zinthu zidasintha mu 2021 pomwe tizipangizo ta kompyuta toikidwa m'magalimoto, totchedwa ma chip, tidasowa padziko lonse. Mafakitale adachepetsa ntchito, mabwalo a madila adatsala mbee, ndipo kuoda kudakhala njira yomwe ambiri adatsala nayo.

Ford Bronco, yomwe idabwereranso pamsika chaka chimenecho ndipo imapangidwira ku Wayne m'chigawo cha Michigan, ndi chitsanzo chodziwika. Ambiri adadikira kupitirira chaka, ena chifukwa cha gawo lochepa la dila wawo, ena chifukwa cha mavuto a madenga olimba a galimotoyo. Nayo Ford Maverick, yopangidwira ku Hermosillo m'dziko la Mexico, idafunidwa kwambiri moti kumayambiriro kwa 2022 kampaniyo idaimitsa kaye kulandira maoda.

Madila ena adapezerapo mwayi wokweza mitengo kuposa womwe kampani idalengeza. Zidafika poti mu Januwale 2022, Ford ndi General Motors adachenjeza madila awo kuti amene apitirize mchitidwewu akhoza kuchepetseredwa allocation. Apa mutha kuona kuti gawo limeneli ndi ndalama zenizeni kwa dila.

Umboni uchokere kwa wopanga

Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mawu a wogulitsa akuti "musadandaule bwana, ikubwera" ndi wa pachala. Umboni weniweni ndi nambala yotuluka mu kompyuta ya kampani yopanga galimoto, ndipo kampani iliyonse ili ndi njira yake.

Ku General Motors, eni ake a Chevrolet, GMC, Buick ndi Cadillac, oda iliyonse imakhala ndi nambala yake komanso khodi yoonetsa pomwe yafika. Khodi ya 1100 imangotanthauza kuti dila walowetsa oda mu kompyuta, basi. Ikhoza kukhala pamenepo mpaka kalekale. Ikafika pa 2000, ndiye kuti kampani yaivomera ndipo dila waikapo allocation yake. Pa 3000 yalowa m'manja mwa okonza ndandanda ya fakitale, pa 3800 galimoto yapangidwa. Ndiye mukauzidwa kuti "oda yanu ili mu sisitimu", funsani kuti pa khodi yanji.

Ku Ford kuli chikalata chotchedwa DORA, chosonyeza kuti kampani yalandira oda kuchokera kwa dila, ndipo chimalemba zonse zomwe mwasankha. Pamakhalanso nambala yotchedwa priority code. Pa maoda a makasitomala, nambala yotsika ndiyo imakhala patsogolo. Amene amaika nambalayi ndi dila, ndiye ngati inu muli pa 19 pomwe ena ali pa 10, mukudziwa kale pomwe mwaima. Ford imatumizanso imelo kwa kasitomala oda ikalandiridwa, komanso ikapatsidwa sabata yopangira. Imelo yoyambayo ikapanda kubwera, musangokhala chete.

Toyota ku America ndiye imachita zosiyana. Kawirikawiri simuoda galimoto kuchokera ku fakitale mwachindunji. Dila amangopempha kuti pa magalimoto omwe apatsidwe m'gawo lotsatira, pakhale yofanana ndi yomwe mukufuna, kapena amasinthana ndi dila mnzake. Wogulitsa akanena kuti "takuoderani", mufunseni bwinobwino chomwe akutanthauza.

Chidindo chomaliza ndi VIN, nambala ya zilembo ndi manambala 17 yomwe galimoto iliyonse imakhala nayo, ndipo yakhala ikulembedwa mwa ndondomeko imodzi kuyambira 1981. Chilembo cha nambala 10 chimasonyeza chaka cha mtundu wa galimotoyo, cha nambala 11 chimasonyeza fakitale. Mukapatsidwa VIN, mutha kuilowetsa pa tsamba la bungwe la boma la NHTSA pafoni panu pomwepo n'kuona ngati ikugwirizana ndi zomwe mudaoda.

Mafunso ofunsa ndalama isanatuluke m'thumba

Safunsa adadya phula. Musanapereke dipoziti, pemphani kulankhula ndi manijala woyang'anira maoda, osati wogulitsa yekha, chifukwa iyeyo ndi amene amaona gawo lomwe kampani yapereka. Mufunseni kuti ali ndi malo angati a mtundu umenewu, anthu omwe ali patsogolo panu ndi angati, ndipo chaka chatha adalandira angati. Funsaninso ngati pa zomwe mwasankha pali chipangizo chosowa ku fakitale. Nthawi zina chinthu chimodzi, monga denga kapena mtundu wa injini, chimaimitsa oda yonse ngakhale malo alipo.

Kenako zonse zilembedwe ndi kusainidwa. Mtengo womaliza ulembedwe, kuphatikizapo ndalama zina zonse zomwe dila amaonjezera, kuti galimoto ikafika asakusinthireni nkhani. Palembedwe kuti dipoziti ibwezedwa ngati tsiku lakutilakuti lafika oda isanavomerezedwe. Palembedwenso chomwe chidzachitike chaka cha mtundu wa galimotoyo chikatha isanapangidwe, popeza oda zotere zimayenera kulowetsedwanso, nthawi zambiri pa mtengo watsopano.

Dziwaninso kuti lamulo la boma la America lolola munthu kusintha maganizo pasanathe masiku atatu atagula katundu wina silikhudza galimoto yogulidwa pamalo a dila. Chimene mwasaina ndi chimene chidzakutetezeni. Kulipira dipoziti ndi khadi ya ngongole kulinso bwino kusiyana ndi kashi, chifukwa pamatsala umboni komanso mpata wokadandaula ku banki.

Galimoto ikafika, musathamangire kujambula. Yambani mwawerenga pepala lomatidwa pa windo, lotchedwa Monroney, lomwe lamulo la 1958 limafuna kuti likhale pa galimoto yatsopano iliyonse. Limaonetsa mtengo wa kampani, zida zomwe zaikidwamo ndi VIN. Liyerekezeni ndi oda yanu mzere ndi mzere.

Si madila onse omwe ali ndi chinyengo ayi. Ambiri nawonso amakhala akudikira kumva kuchokera ku kampani, ndipo woona mtima amakuuzani poyera kuti panopa malo alibe, mwina miyezi ikubwerayi. Ameneyo ndi wabwino kuchita naye malonda, chifukwa mukusankha kudikira mukudziwa. Koma amene akufuna dipoziti lero, n'kumazembazemba mukamufunsa nambala ya oda kapena kukuonetsani sikirini, wakuyankhani kale. Tengani ndalama zanu mukafunse kwa dila wina.