Nchito ya Timanja: Kupinda Mapepala

Makolo ndi alezi a ana, m'mwezi wa August cisanu cimakhala cisanathe. Mwera ukaomba m'mawa, tiana timathinana pamoto, ndipo ena amapsa. Tiyeni tipatse timanja tao cocita kutali ndi mafuwa.

M'caka ca 1840 mphunzitsi wa ku Germany, Friedrich Fröbel, anacha sukulu yace ya tiana Kindergarten, ndiko kunena munda wa ana. Mwa nchito zimene anawaikira munali kupinda mapepala, pakuti dzanja likagwira nchito, diso ndi nzeru ziphunzira pamodzi.

Titenge pepala lakale, ndi kulidula ife akulu kuti mbali zinai zilingane. Mwana alipinde pakati: taonani, labadwa buku. Alipindenso mopingasa, nalifunyulule. Pokomana mizere iwiriyo ndipo pakati. Ngondya ziwiri zakumwamba azigwetsere pakatipo: yaoneka nyumba ndi denga lace. Akagwetseranso ziwiri zotsalazo, yasanduka kalata yotseka.

Denga likapendekeka tisamdzudzule, ndipo tisamlande pepala kuti timkonzere. Timsonyeze pa pepala lathu, iye ayesenso. Nyumba yopendekekayo ndi yace. Tiikhomeke pakhoma kuti atate akaione pobwera madzulo.