Kamera ndi rauta ya pa shopu: bowo losaoneka limene mbava zimalowera

Funso limene limabwerabwera m'gulu muno ndi la makatoni a makamera otchipa, ma rauta ndi mabelu apakhomo okhala ndi kamera aja: kodi tikaoda n'kumagulitsa pa msika wa Bull Ring, ku Soho Road kapena ku Bescot ku Walsall, pali vuto? Phindu lilipo, koma pali nkhani imene ambirife sitiiona. Ikukhudza katundu amene timagulitsa komanso makina amene tinapachika m'mashopu mwathu.

Kachipangizo kalikonse kolumikizidwa ku intaneti, kaya ndi kamera ya CCTV, rauta, pulinta ya malisiti kapena kamakina kolipirira ndi khadi, ndi kompyuta yaing'ono. Mkati mwake muli pulogalamu imene amaitcha firmware. Mapulogalamu ambiri oterewa amalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C, cha m'ma 1970, kapena mng'ono wake C++. Zinenero ziwirizi ndi zachangu ndipo zimakwana m'kachipangizo kochepa, n'chifukwa chake makampani amazikonda. Koma zili ndi khalidwe limodzi loipa: sizimuletsa wolemba pulogalamu akalakwitsa pa kagwiritsidwe ntchito ka memory, malo amene makina amasungapo zinthu pamene akugwira ntchito.

Taganizani za kope la ngongole pa golosale. Kasitomala aliyense ali ndi mzere wake. Mnyamata wogulitsa wapatsidwa dzina lalitali loti alembe, mzere watha, iye osaima ayi, wapitirira mpaka kulemba pamwamba pa mzere wa munthu wina, ngongole yake n'kufufutika. Akatswiri amati imeneyi ndi buffer overflow. Tsono wakuba wochenjera amachita dala: amatumiza ku kamera yanu uthenga wautali kuposa malo amene anakonzedwa, ndipo mawu osefukirawo amakagwera pamzere umene makina amawerengapo malangizo a chochita. Basi, kamera ija yayamba kumvera iyeyo. Nthawi zina safunika n'komwe password yanu.

Vuto lina lofanana nalo amati use after free. Zili ngati lendi wasamuka m'chipinda koma kiyi sanabweze. Mwalowetsa munthu watsopano, wakale uja akulowabe n'kumasuntha katundu.

Musaganize kuti ndi tizolakwika tapatalipatali. Mu 2019 a Microsoft ananena kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo a chitetezo amene amatseka chaka ndi chaka amachokera ku zolakwika za memory. A Google anapeza chiwerengero chofanana pa mabowo akuluakulu a mu Chrome. Ngati makampani a ndalama zankhaninkhani zimawavuta chonchi, nanga kafakitale kopanda dzina kamene kanapanga kamera ya £15?

Chimene chimapweteka kwambiri pa tizipangizo ting'onoting'onoti n'chakuti makampani ambiri sadzilembera okha pulogalamu yonse. Amagula zidutswa kwa ena n'kuphatikiza. Chidutswa chimodzi chikakhala ndi bowo, limafalikira m'katundu wa mayina osiyanasiyana. Mu 2017 kampani ya Senrio inapeza bowo lotchedwa Devil's Ivy m'chidutswa cha gSOAP, ndipo linakhudza mitundu yoposa 200 ya makamera a Axis, kuphatikizapo a makampani ena ogwiritsa ntchito chidutswa chomwecho. Mu June 2020 akatswiri a JSOF analengeza mabowo 19, otchedwa Ripple20, m'pulogalamu ya kampani ya Treck imene inali m'mapulinta, m'makina a m'zipatala ndi a m'mafakitale. Eni ake ambiri sankadziwa n'komwe kuti pulogalamuyo ili m'makina awo.

Wakuba akalowa amapezamo chiyani? Amatha kuona shopu yanu ngati ali momwemo: nthawi imene mumatseka, pamene mumaika ndalama, amene amatsala yekha usiku. Akagwira rauta, amatha kulondolera foni kapena kompyuta yanu ku tsamba labodza looneka ngati la banki. Enanso safuna inuyo, amangofuna kubwereka makina anu. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inasonkhanitsa makamera ndi ma rauta ambirimbiri n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa masamba akuluakulu a pa intaneti. Mirai inkalowera pa ma password a ku fakitale osasinthidwa, osati pa memory, koma phunziro ndi lomwelo: makina oiwalika pakhoma ndi khomo lotsegula.

Mfundo yaikulu ndi iyi. Bowo la memory inu simungalitseke, ngakhale mnyamata wokonza mafoni pa Stratford Road sangalitseke. Amene angatseke ndi wopanga chipangizocho, potumiza update. Ndiye funso lofunika pogula si lakuti chithunzi chikuoneka bwino bwanji, koma lakuti: kampani imeneyi idzatumiza ma update mpaka liti?

Apa lamulo la ku UK likutithandiza, komanso likutimanga. Kuyambira pa 29 April 2024 malamulo a pansi pa Product Security and Telecommunications Infrastructure Act 2022 anayamba kugwira ntchito. Zipangizo zatsopano zambiri zolumikizidwa ku intaneti zogulitsidwa kwa anthu wamba ziyenera kukwaniritsa zinthu zitatu: zisabwere ndi password imodzi yofanana pa zonse kapena yosavuta kulota, wopanga anene kumene munthu angakanene akapeza bowo, ndipo alengeze nthawi imene adzakhale akutumiza ma update a chitetezo. Katunduyo ayenera kuyenda ndi chikalata chotchedwa statement of compliance. Udindo si wa wopanga yekha. Woitanitsa katundu kuchokera kunja ndi wogulitsa nawonso ali ndi mbali yawo, kutanthauza kuti ukaoda katoni ku China n'kumagulitsa kuno, iweyo ndiwe woitanitsa. Amene amayang'anira lamuloli ndi Office for Product Safety and Standards, omwe ali ndi ofesi mu Birmingham momwe muno. Chindapusa chapamwamba ndi £10 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani imalowetsa pa chaka. Kwa ife a geni yaing'ono, kungoletsedwa kugulitsa katoni yonse ndi mpamba wapita kale.

Tsono tichite bwanji? Pooda, funsani chikalata chija ndi tsiku limene ma update adzathe. Wogulitsa akayamba kuzungulira, siyani, kutchipa kumadula. Pa makina a m'shopu mwanu, lowani mu app kapena patsamba la rauta, muone ngati pali update, ndipo yatsani kuti izidzilowa yokha. Ndondomeko ya boma ya Cyber Essentials imati mabowo oopsa azitsekedwa pasanathe masiku 14 update itatuluka. Wi-Fi ya makasitomala ikhale payokha, isasakanikirane ndi ya makina olipirira ndi kompyuta ya maakaunti; ma rauta ambiri ali ndi guest network yochitira zimenezi. Zimitsani UPnP ndi zolowera kutali ngati simuzigwiritsa ntchito. Chipangizo chimene wopanga anasiya kuchisamala, chotsani, ngakhale chikuyakabe. Ofuna thandizo, West Midlands Cyber Resilience Centre, imene imatsogoleredwa ndi apolisi, imapereka malangizo kwa mabizinesi ang'onoang'ono.

Kwa inu otumiza katundu kumudzi pa kontena, chonde: rauta imene yatha nthawi kuno siichira ikafika ku Limbe kapena ku Area 2. Bowo limapita nalo limodzi, ndipo wogula ndi m'bale wathu yemwe.

Mtsogolomu zinthu zikusintha. Chinenero cha Rust chimakana zambiri mwa zolakwikazi pulogalamu isanatuluke n'komwe. A Google ananena kuti pa Android mabowo a memory anatsika kuchoka pa 76 peresenti ya onse mu 2019 kufika pa 24 peresenti mu 2024, atayamba kulemba zigawo zatsopano m'zinenero zotetezeka. Kuno ku UK, University of Cambridge inapanga njira yotchedwa CHERI, yoti chip chenichenicho chiziletsa pulogalamu kudumpha malire ake, ndipo a Arm anatulutsa bolodi yoyesera ya Morello mu 2022. Koma kamera imene ili pakhoma panu lero ndi ya kapangidwe kakale.

Madzulo ano mukamatseka, tembenuzani rauta, muwerenge dzina ndi nambala yake, mufufuze ngati ikulandirabe ma update. Amene mwasokonezeka, lembani mtundu wake m'munsimu, tithandizane. Geni yabwino nonse.