Mutu ukuwawa pa nambala yanji?

Mng'ono wanga ndi kondakita pa basi za ku Kanyama. Tsiku lina chitseko chili chotsegula, dalaivala anaponda buleki mwadzidzidzi, iye n'kugwa, kumenyetsa mutu pa tala. Anakomoka pang'ono, kenaka anadzuka. Chilonda chinapola m'masabata awiri, koma mutu sunaleke kuwawa.

Titabwerera ku chipatala, a nesi anamufunsa: "Kuyambira pa 0 kufika pa 10, mutu ukuwawa pa nambala yanji? 0 ndiye kulibe ululu, 10 ndiye ululu woposa wonse umene mungauganizire."

Iye ati, "Nili chabe bwino, asisita."

Ndinamuyang'ana. Munthu amene sagona usiku, amene akamva hutala amagwira mutu ndi manja onse awiri! Amaopa kuti akanena zoona amuuza kuti apumule, ndipo basi apatsa wina.

Vuto ndi lakuti BP ili ndi makina ake, malungo amawapeza m'kadontho ka magazi, koma ululu ulibe choyezera. Ngakhale sikani ya ku UTH ingaonetse kuti zonse zili bwino mutu ukuwawabe. Muyeso wa Glasgow Coma Scale, umene madokotala akhala akugwiritsa ntchito kuyambira mu 1974, umaona ngati wovulala akutsegula maso, kuyankha ndi kusuntha ziwalo, kuchokera pa 3 kufika pa 15. Za ululu sunena kanthu. Wodziwa ndi mwini mutu. Amene manambala amamusokoneza amamuonetsa nkhope zisanu ndi imodzi, yomwetulira mpaka yolira, n'kuloza yofanana ndi mmene akumvera.

Palinso china: munthu wovulala ubongo amaiwalaiwala. Mukamufunsa za sabata yatha, amangoyankha za lero. Ndiye tinagula kabuku. M'mawa ndi madzulo amalemba nambala, chimene amachita mutu utayamba, ndi mapilisi amene wamwa. Patapita mwezi, a dokotala anaona okha: m'mawa 3, madzulo 7, ndi Panado pafupifupi tsiku lililonse. Anatiuza kuti kumwa mapilisi otere masiku 15 kapena kuposa pa mwezi kungachititsenso mutu kuwawa, ndipo anamusinthira mankhwala.

Mutu umene wayamba pasanathe masiku 7 chivulalire, ukapitirira miyezi itatu, ndi matenda ofunika kuwatsatira, osati ulesi. Koma wovulala akamasanza mobwerezabwereza, kuodzera kwambiri, kugwa khunyu, kufooka dzanja kapena mwendo, kapena madzi akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, musadikire kabuku. Thamangirani ku chipatala cha pafupi, kaya ndi ku Matero, ku Chawama kapena ku Kanyama, ngakhale usiku.

Manje mng'ono wanga anabwerera pa basi. Akamaliza kuwerenga ndalama za kashing'i amalembanso nambala ya mutu. Dzulo inali 2.