Nsidze za Pacikope

Ana inu, sambani m'manja. Tsopano tsinzinani diso limodzi ndipo gwirani cikope canu pang'onopang'ono. Mukumva titsitsi tating'ono? Timeneti ndi nsidze za pacikope.

Nsidze ndi alonda a diso. Zimaletsa fumbi ndi tizitsotso kulowa m'diso. Kacirombo kakazikhudza, diso limaphethira msanga.

Nsidze zazitali

Anthu ena ali ndi nsidze zazifupi. Ena ali ndi nsidze zazitali. Zikapitirira mamilimita 12, madokotala amati zatalika kwambiri. Tengani rula, muone pamene pali mamilimita 12.

Ana ena amabadwa ndi nsidze zotere. Musawaseke. Ngati diso silikupweteka, palibe vuto. Koma nsidze za munthu wamkulu zikayamba kutalika mwadzidzidzi, apite kucipatala. Nthawi zina zimatero cifukwa ca mankhwala ena odonthezera m'maso, kapena matenda ena a m'thupi.

Nsidze zolasa diso

Nsidze zabwino zimaloza kunja. Nsidze zoopsa ndi zimene zapindikira m'kati. Munthu akaphethira, zimakanda diso. Amamva ngati m'diso muli mcenga. Misozi imatuluka. Dzuwa limamuthobwa m'maso.

Kawirikawiri cimene cimapinda cikope ndi matenda a trakoma. Matendawa amayamba munthu akadali mwana. Maso amafiira, amayabwa ndipo amatuluka manthongo. Mwana akadwala kambirimbiri, m'kati mwa cikope mumacita zipsera. Akakula, zipserazo zimakoka cikope, nsidze n'kuloza m'kati. Diso likakandika zaka zambiri, limacita khungu. Khungu limeneli silicira.

Trakoma imayenda bwanji?

Imayenda ndi zala zosasamba. Imayenda ndi citenje copukutira ana ambiri kumaso. Imayendanso ndi nchenche zimene zimatera m'maso ndi m'mphuno. Nchenche zimenezi zimaswana m'manyi a anthu osiyidwa pamtunda.

Ticite ciani?

Tisambe kumaso ndi madzi oyera tsiku lililonse.
Tisambe m'manja ndi sopo.
Tisapukute kumaso ndi nsalu ya mnzathu.
Tipite m'cimbudzi, osati kuthengo.
Azaumoyo akabwera ndi mankhwala a trakoma, timwe.

Kwa makolo

Vuto la nsidze zolasa diso limagwira amayi ambiri kuposa abambo, cifukwa amayi ndiwo amakhala pafupi ndi ana odwala maso. Yang'anani maso a agogo ndi amayi poyera. Ngati nsidze ngakhale imodzi ikukhudza diso, musacedwe.

Musadule nsidzezo ndi lumo kapena lezala. Zotsalazo zimakhala zakuthwa, zimakanda koposa. Mukazizula, zimameranso. Musathire m'diso madzi a zitsamba.

Pitani kucipatala ca pafupi, kaya ku Mandimba, ku Massangulo m'boma la Ngauma, kapena ku Cuamba. Kumeneko adzakuuzani kumene kuli odziwa za maso. Iwo amacita opaleshoni yaing'ono yotembenuza cikope kuti nsidze zilozenso kunja. Amabaya jekeseni pacikope kuti pacite dzanzi. Wodwala sagonekedwa tulo, ndipo kawirikawiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Trakoma ikhoza kugonja. Anansi athu a ku Malawi, kuseri kwa malire a Mandimba ndi Chiponde, analimbana nayo zaka zambiri. M'caka ca 2022, Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalengeza kuti trakoma si vuto lalikulunso m'dziko lawo. Ifenso kuno ku Niassa tingathe. Tiyambe ndi madzi a m'beseni m'mawa uliwonse.

Mafunso

1. Kodi nsidze zimathandiza bwanji diso?
2. Nsidze zabwino zimaloza kuti?
3. Nchenche zimaswana kuti?
4. Tikaona nsidze zikulasa diso la agogo, tiwauze ciani?

Zocita kunyumba

Jambulani diso ndi nsidze zake. Muwerengere makolo anu phunziroli madzulo ano.