Pasiwedi Yolimba Ndi Yaitali, Osati Yozunguza Mutu

Mu 2009, akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a kampani ya RockYou ku America n'kutulutsa mapasiwedi oposa 32 miliyoni. Akatswiri atawasanthula anapeza kuti yofala kuposa ena onse inali 123456.

Si ulesi wokha ayi. Kwa zaka zambiri takhala tikuuzidwa kuti pasiwedi izikhala ndi chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro, ndiponso kuti tiziisintha pafupipafupi. Ambiri mwa malangizowa anachokera m'chikalata chimene Bill Burr analemba mu 2003 ali ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo. Mu 2017 mwiniwakeyo anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti akunong'oneza bondo ndi zambiri zimene analembazo. M'pomveka. Munthu ukamupanikiza amangolemba Chikondi1!, mwezi wamawa Chikondi2!, ndipo mapulogalamu a akuba anachidziwa kalekale chizolowezi chimenechi.

Chimene chimatopetsa kompyuta ya wakuba ndi kutalika, chifukwa chilembo chilichonse chowonjezera chimachulukitsa kambirimbiri ntchito yoyeserera. N'chifukwa chake bungwe la NCSC ku Britain limalangiza kulumikiza mawu atatu osayenderana. Tinene usipa, chitenje ndi bingu. Muone m'maganizo usipa wokulungidwa m'chitenje kunja bingu likugunda, ndipo simudzaiwalanso. Koma atatu awawa musawatenge, poti aliyense wawawerenga pano. Dzina la mwana wanu, la mudzi wanu kapena la timu imene mumachemerera lisalowemo. Zonsezo munaziika nokha pa Facebook.

Ngakhale yolimba bwanji, pasiwedi imodzi isatsegule zitseko zonse. Mu 2016 akuba analowa mu Twitter ndi Pinterest ya Mark Zuckerberg, ndipo zinamveka kuti anagwiritsa ntchito pasiwedi yake imene inabedwa ku LinkedIn mu 2012. Yambani ndi kupatsa imelo pasiwedi yakeyake, chifukwa mukaiwala mapasiwedi ena uthenga wokonzera umapita kumeneko. Mapasiwedi akachuluka, pali mapulogalamu owasungira, ngakhale kope lobisika bwino kunyumba limathandizanso.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba siingatalikitsidwe chonchi. Manambala anayi amasanjika m'njira 10,000 zokha, ndipo wakuba amayamba ndi 1234, 0000 ndi chaka chimene munabadwa, chomwe chalembedwa pa chiphaso chimene mumasunga m'thumba limodzi ndi foniyo. Wina akaimba n'kunena kuti ali ku ofesi ya kampani ya foni ndipo akufuna nambalayo kuti akuthandizeni, dulani foni.